Mind map imathandizadi, kapena ndi kukongoletsa kope chabe?

Namzeze
Anzanga ndithandizeni, ine ndafika pokayika. Miyezi iwiri yapitayo mnzanga anandionetsa kalembedwe ka notsi kamene amati mind map. Umagoneka pepala chopingasa, pakati n'kulembapo mutu wa nkhani, kenako n'kumatulutsa nthambi mbali zonse, nthambi iliyonse ndi mfundo yake, ndipo nthambizo zimabalanso tinthambi tina. Ndinakopeka tsiku lomwelo. Ndinagula mabolopeni a mitundu 6, ndipo pofika sabata yatha ndinali nditajambula mapu 14 a Bayoloje, ena mpaka maola atatu pa pepala limodzi. Aliyense wowaona amayamikira. Koma Lachinayi tinalemba mayeso oyeserera, funso la kayendedwe ka magazi m'thupi litabwera, chimene ndinakumbukira n'chakuti nthambi ya mtima inali yofiira ndipo inali chakumwamba kudzanja lamanja. Zolembedwa pa nthambiyo, olo liwu limodzi. Ndinangokhala ndwii ndi bolopeni m'manja. Ndiye ndifunse amene mwaigwiritsapo ntchito: njirayi imathandizadi, kapena ndangotaya miyezi iwiri?

Kanyimbi
Kkkkk pepani achemwali, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Inu mwakhoza phunziro la zojambulajambula, Bayoloje mudzayamba chaka chamawa.

Namzeze
A Kanyimbi, munthu akulira inu mukuseka?

MphunzitsiWakale
Asiyeni a Kanyimbi, ndi mmene alili. Ine ndifunse chinthu chimodzi ndisananene zambiri. Pamene munkajambula mapu 14 amenewo, buku linali lotsegula pambali panu kapena lotseka?

Namzeze
Lotsegula aphunzitsi. Nanga ndikanadziwa bwanji zolemba pa nthambi?

MphunzitsiWakale
Basitu, matenda ali pamenepo. Dzanja linkanyamula mawu kuchoka m'buku kukawatula pa pepala, mutu uli pa tchuthi. Kukopera n'kukopera basi, kaya mukukopera m'mizere yowongoka kaya pa nthambi zokhotakhota. Ndipo choopsa chake n'chakuti munthu akamaliza pepala lokongola chonchi mtima umamuuza kuti wadziwa, chifukwa chilichonse akachiona chikuoneka chozolowereka. Kuzindikira chinthu chili pamaso ndi kuchitulutsa m'mutu popanda chokuthandiza ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mayeso amafuna yachiwiriyi.

Izi si zanga zokha. Mu 2011 ofufuza awiri a pa yunivesite ya Purdue ku America, Jeffrey Karpicke ndi Janell Blunt, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya Science. Anapatsa ophunzira nkhani ya sayansi kuti awerenge. Ena anaibwereza kangapo, ena anajambula mapu a mfundo zake nkhaniyo ili pamaso pawo, ndipo ena anawerenga, n'kuivundikira, n'kulemba zonse zimene akanatha kukumbukira, kenako n'kuwerenganso ndi kuyesanso. Patatha sabata onse anayesedwa, ndipo amene ankavundikira aja ndiwo anakhoza kuposa anzawo. Chodabwitsa n'chakuti ophunzirawo atafunsidwa poyamba, sankayembekezera kuti njira yovundikirayi ingapambane, poti ndi yotopetsa ndipo imakuonetsa umbuli wako poyera.

Ndiye yesani chonchi. Werengani mutu umodzi. Tsekani buku, muliike patali ndithu. Tengani pensulo ndi pepala lopanda kanthu, mudzipatse mphindi 10, mujambule zonse zimene zatsala m'mutu. Lidzakhala lonyansa, lokhala ndi mipata yambiri, musadandaule. Mukatero tsegulani buku, mutenge bolopeni yofiira, mudzaze zimene munaiwala ndi kukonza zimene munalakwitsa. Zofiirazo ndiye ntchito yanu yamawa. Pakatha masiku atatu jambulaninso pa pepala lina osayang'ana loyamba lija. Mitundu iwiri yakwana, ina inayiyo mupatse ana azijambulira nyumba.

Chiphaliwali
Aphunzitsi mwawafotokozera bwino, koma ine ndingopita patsogolo pang'ono: chinthu chonsechi ndi malonda. Amene anatchukitsa dzina lakuti mind map ndi Tony Buzan wa ku Britain, kudzera pa pulogalamu ya wailesi yakanema ya BBC mu 1974. Kuyambira pamenepo mpaka imfa yake mu 2019 bamboyu ankagulitsa mabuku, maphunziro, ngakhale pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapu amenewa. Wogulitsa sanganyoze katundu wake. Ankanena kuti notsi za m'mizere zimangogwiritsa ntchito mbali yakumanzere ya ubongo, pamene mitundu ndi zithunzi zimadzutsa mbali yakumanja. Mfundo imeneyi inakokomezedwa. Inachokera pa ntchito ya Roger Sperry, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1981, koma iye ankafufuza anthu odwala khunyu kwambiri amene madokotala anawadula mtsempha waukulu wolumikiza mbali ziwiri za ubongo. N'zoona kuti mwa anthu ambiri chilankhulo chimatsamira kumanzere. Koma munthu amene mbali ziwirizi n'zolumikizana amagwiritsa ntchito zonse pamodzi, kaya akuwerengera masamu kaya akujambula duwa. Palibe mbali imene imagona tulo kudikira bolopeni yobiriwira.

MayiWaMapasa
Achimwene a Chiphaliwali, wogulitsa khasu akakokomeza kuti limalima lokha, ndiye kuti khasulo sililima? Ine za ubongo sindizidziwa, koma ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Chaka chatha ndinauzidwa kulemba lipoti la ntchito ya chaka chonse ya gulu lathu kuofesi. Ndinakhala masiku awiri pa kompyuta ndikulemba ndime yoyamba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Vuto silinali kusowa zonena, zinali zochuluka moti zinkapanikizana pakhomo. Tsiku lachitatu ndinatenga pepala lalikulu, pakati ndinalemba "chaka chino", n'kuyamba kungotaya chilichonse chobwera m'mutu: maphunziro amene tinachititsa, galimoto imene inawonongeka, anthu awiri amene anasiya ntchito, malipoti ochedwa, zonse. Nditabwerera m'mbuyo kuliyang'ana ndinaona kuti "malipoti ochedwa" ndi "anthu osiya ntchito" ndinaziika mbali zosiyana za pepala, chonsecho ndi nkhani imodzi, chifukwa amene anasiyawo ndiwo ankasonkhanitsa manambala. Ndinakoka mzere kuzilumikiza, ndipo mzere umenewo ndi umene unadzakhala mtima wa lipoti lonse. M'mizere sindikanaziona, poti china chikanakhala pa tsamba 2 china pa tsamba 7.

Chiphaliwali
Mayi, pamenepo sinditsutsa. Chimene ndikukana ndi kuuza mwana wasukulu kuti akagula mitundu 6 nzeru zibwera.

Nthiwatiwa
Ndikonzeko pang'ono zimene anena aphunzitsi, osati kutsutsa. Kafukufuku wa 2011 uja sanayese mind map yeniyeni, anayesa m'bale wake wotchedwa concept map, mapu amene mfundo zimalumikizidwa ndi mizere yolembedwa mawu. Ndipo ofufuza omwewo mu 2014 anapeza kuti ophunzira akajambula mapuwo buku lili lotseka, amapindula mofanana ndi amene alemba ndime kuchokera m'mutu. Ndiye malangizo a aphunzitsi ali m'malo mwake: cholakwa si chojambulacho, koma buku lotsegula.

Za mind map yeniyeni, ulipo kafukufuku wa mu 2002 wa Farrand, Hussain ndi Hennessy pa ophunzira za udokotala 50 ku London. Anawapatsa nkhani ya mawu 600, ena n'kuiphunzira ndi mind map, ena ndi njira zawo za masiku onse. Patatha sabata, a mind map ankakumbukira zochulukirapo, ndi pafupifupi 10 peresenti. Phindu lilipo koma si zozizwitsa. Anapezanso kuti chidwi cha ophunzira pa njirayi chinali chotsika poyerekeza ndi cha amene anasiyidwa kuchita zimene anazolowera.

Komanso a Chiphaliwali, Buzan anabweretsa dzina ndi malamulo, koma kuika maganizo pa nthambi n'kwakale kwambiri. Porphyry wa ku Tyre, m'zaka za m'ma 200, pofotokoza ziphunzitso za Aristotle anagawa zinthu pawiripawiri: zokhala ndi thupi ndi zopanda thupi, zamoyo ndi zopanda moyo, zoganiza ndi zosaganiza, mpaka kufika pa munthu, ndipo akatswiri a pambuyo pake anazijambula ngati mtengo. Ramon Llull wa ku Majorca cha m'ma 1300 ankajambulanso mitengo ya nzeru zosiyanasiyana. Ngakhale Charles Darwin mu 1837 anajambula kamtengo ka nthambi m'kope lake pamene ankasinkhasinkha za ubale wa zamoyo, pamwamba pake n'kulembapo mawu awiri a Chingerezi otanthauza kuti "ndikuganiza". Kamtengo kameneko kalibe mitundu, ndipo si kokongola n'komwe.

Kanyimbi
A Nthiwatiwa akalowa pa gulu timachita kufuna mpando ndi madzi akumwa. Mtsikana wafunsa za mayeso a Lachinayi, mwamufikitsa kwa Aristotle.

Nthiwatiwa
Safunsa anadya phula, a Kanyimbi. Iye wafunsa, ndiye alandire zonse.

Bololo
Ine mawu akuti mind map ndikangowamva mutu umayamba kuwawa. Kuntchito kwathu bwana wina anapita ku maphunziro a masiku atatu, pobwera msonkhano uliwonse unasanduka wojambula kangaude pa bolodi. Timakhala maola awiri, aliyense akuponya liwu, iye akukoka mizere. Pomaliza amajambula bolodilo ndi foni n'kutitumizira tonse. Pakatha mwezi ukatsegula chithunzicho umangoona "makasitomala", muvi, "nthawi", muvi, "Lachisanu" ndi chizindikiro cha funso. Lachisanu lake liti? Achite ndani? Palibe akudziwa, ngakhale mwini wake. Kale tinkalemba maminitsi, zinthu zinkayenda.

MayiWaMapasa
Pamenepo bwana wanuyo akulekera panjira. Mapu ndi a nthawi yoganiza, si osunga zimene mwagwirizana. Mphindi 15 zomaliza za msonkhano munthu mmodzi aziyang'ana bolodilo n'kulemba m'mizere wamba: chochita, wochita, tsiku. Bolodi lifufutidwe. Ine mapu anga a lipoti aja ndinawataya tsiku lomwe ndinamaliza, chifukwa ntchito yake inali itatha. Ndipo mapu a mnzako sawerengeka, zili ngati kulowa m'chipinda cha munthu wina usiku magetsi atazima. Mwini wake amadziwa pali mpando, iwe umapunthwa.

Bololo
Mukamuuze ndinu mayi, ine ndili ndi ana ofuna kudya.

Kadzidzi_wa_Usiku
Nonse mukukamba za buku lotseka, zili bwino, koma palibe amene wayang'ana funso limene linamugwetsa Namzeze. Kayendedwe ka magazi si mtengo, ndi ulendo wozungulira. Magazi ochokera m'thupi amalowa m'chipinda chapamwamba chakumanja cha mtima, amatsikira m'chipinda chapansi chakumanja, chimenecho chimawapopera ku mapapo kumene amasiya mpweya woipa ndi kutenga okosijeni, amabwerera m'chipinda chapamwamba chakumanzere, amatsikira chapansi chakumanzere, ndipo ichi chimawakankhira mu mtsempha waukulu wa aorta kupita thupi lonse, kenako ulendo uyambiranso. Nzeru yonse ya mutu umenewu yagona pa chimene chikutsatira chinzake. Tsono mukatenga zimenezi n'kuziika pa mind map, "mtima" nthambi yake, "mapapo" nthambi yake, "mitsempha" nthambi yake, mwadula ulendowo zidutswazidutswa. Mapuwo akukuuzani kuti zinthu izi zilipo, koma sakukuuzani kuti magazi akachoka apa amapita kuti. Chofunika apa ndi mabokosi ndi mivi yozungulira.

Mind map imakhoza pamene nkhani ili ndi mwini mmodzi pakati ndi ana ake: magulu a zamoyo, mitundu ya maselo a magazi ndi ntchito zake, mbali za lipoti, zofunika pokonzekera ulendo. Nkhani ya masitepe imafuna mivi. Nkhani ya zaka imafuna mzere wa nthawi. Kuyerekeza zinthu zitatu pa mfundo zinayi kumafuna tebulo. Ofufuza chimene chayambitsa vuto m'mafakitale ali ndi chawo chooneka ngati mafupa a nsomba, chimene anatchukitsa Kaoru Ishikawa wa ku Japan m'zaka za m'ma 1960, vuto kumutu kwa nsomba, zoyambitsa m'mafupa. Munthu amene wangophunzira mind map amafuna chilichonse chikhale kangaude, ndipo ndi mmene zimasokonekera.

Namzeze
Eeh, apa ndiye mwandigwira. Ndatsegula mapu anga aja pompano. "Mapapo" ali kumanzere pansi, "mtima" kumanja pamwamba, palibe ngakhale kamzere kowalumikiza. Ndimadabwa kuti bwanji ndikawerenga sizikundipatsa nkhani.

MphunzitsiWakale
A Kadzidzi anena zimene ine ndinaphonya, ndavomera. Ndiwonjezere za concept map imene anatchula a Nthiwatiwa, chifukwa pa sayansi ndi imene ndinkaikonda ndili m'kalasi. Anaiyambitsa Joseph Novak ndi anzake pa yunivesite ya Cornell mu 1972, pofuna kuona mmene ana akumvetsera sayansi pamene akukula. Kusiyana kwake n'kwakuti mzere uliwonse wolumikiza mfundo ziwiri umalembedwa mawu, ndipo mfundo iliyonse ingathe kulumikizana ndi ina iliyonse, osati ndi kholo lake lokha. Ndiye simungangolemba "chipinda chapansi chakumanzere" n'kukoka mzere kupita pa "khoma lochindikala". Muyenera kulemba pa mzerepo kuti "chili ndi", kenako muvi wina wonena kuti "chifukwa chimapopa magazi kupita thupi lonse". Mwana amene sakumvetsa amaonekera pomwepo, poti mabokosi amadzaza koma pa mizere amasiya mbee. Ndikafuna kudziwa amene waloweza chabe, ndinkayang'ana mizere, osati mabokosi.

Cholembera
Izi zikukhudzanso lamulo lija la Buzan lakuti nthambi iliyonse ikhale ndi liwu limodzi lokha. Ine lamuloli ndinalikana kalekale. Liwu limodzi limakoma lero pamene mutu ukadali wotentha, koma pakatha milungu itatu "kuthamanga" sukudziwanso ngati unkanena kuthamanga kwa magazi kapena kuthamanga kwa mtima. Ndimalemba mawu atatu kapena anayi, pakhale mneni.

Nthiwatiwa
Lamulolo lili ndi nzeru yake a Cholembera. Ukalemba chiganizo chonse pa nthambi watseka khomo, palibenso chotuluka pamenepo. Ukalemba liwu limodzi, mwachitsanzo "nthawi", likhoza kubala "yochepa", "ya ndani", "yotayika pa misonkhano". Pofufuza maganizo atsopano liwu limodzi ndi labwino. Posunga zoti udzawerenge mtsogolo, apo ndikugwirizana nanu.

Cholembera
Ndiye tikugwirizana theka. Kwa ine ndi zambiri kale, inu simugwirizana ndi munthu kawirikawiri.

Mlenje77
Pepani ndilowetse langa pomwepa. Ine vuto langa ndi losiyana ndi la Namzeze. Ndikulemba nkhani yaitali yomalizira maphunziro anga, ndipo mind map yanga yakula mpaka ndamata mapepala anayi ndi selotepi. Nthambi zikuluzikulu zilipo 13, tinthambi sindiwerenganso. Ndikaiyang'ana ndimaona kuti ndikudziwa zambiri, koma ndikati ndiyambe kulemba sindidziwa poyambira. Sabata yachitatu ino.

Kanyimbi
Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nthambi 13, achimwene, mukulemba nkhani kapena mukudzala nkhalango?

MayiWaMapasa
Kanyimbi lero wanena zoona mwangozi. A Mlenje, mapu ndi ozungulira koma nkhani ndi mzere, ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo wowerenga amadutsa chiganizo chimodzi pa nthawi. Ubwino wa mapu ndi woti amakulola kuchedwetsa funso lakuti "chiyambe n'chiti", koma funsolo silithawika mpaka kale. Inu mukuwonjezera nthambi chifukwa kuwonjezera n'kosavuta kuposa kusankha. Lekani kujambula. Lembani pa kapepala kena chiganizo chimodzi chonena zimene nkhani yanu ikufuna kutsimikiza. Kenako muyende nthambi ndi nthambi mukufunsa ngati ikuthandiza chiganizo chimenecho. Yosathandiza ikhwatcheni, ngakhale munaivutikira sabata yathunthu. Zotsalazo muone zimene zili pachibale muziphatikize, kenako muzipatse manambala, 1, 2, 3, monga mmene mungamufotokozere mnzanu pakamwa. Mukafika apo pindani mapuwo, muyambe nambala imene ikukuphwekerani, osati mawu oyamba. Mawu oyamba amalembedwa pomaliza.

Kadzidzi_wa_Usiku
Ndipo 13 ndi zambiri pa mutu wa munthu. George Miller mu 1956 analemba kuti zinthu zimene tingazigwire m'maganizo pa nthawi imodzi zimakhala pafupifupi 7, kuchotsa kapena kuwonjezera ziwiri, ndipo ofufuza a pambuyo pake monga Nelson Cowan anatsitsa chiwerengerocho kufika pafupifupi 4. Sikuti pali lamulo loletsa nthambi yachisanu ndi chitatu, koma mukaona zikuluzikulu zapitirira 6 kapena 7, kawirikawiri ndiye kuti zina mwa izo ndi ana amene mwawakhazika pa mpando wa makolo.

Mlenje77
Kukhwatcha ndiye kukundiwawa, koma ndamva. Chiganizo chimodzicho ndayesa kuchilemba pompano, chikukana kutuluka. Mwina vuto lenileni ndi limenelo.

Wosatopa
Funso lapambali: mumajambulira pa chiyani? Ine ndinayesa XMind pa foni, koma sikirini ndi yaing'ono, ukakulitsa nthambi imodzi zina zonse zabisika, ndiye phindu loona zonse pamodzi latha.

Cholembera
Pa foni ayi. Pa kompyuta ndimagwiritsa ntchito Freeplane, ndi yaulere ndipo siifuna intaneti. Inachokera ku pulogalamu ina yakale yotchedwa FreeMind. Ubwino wake nthambi umaikoka n'kukaimata pena popanda kufufuta, komanso umatha kupinda nthambi kuti tinthambi tibisike, n'kumadziyesa wekha ngati ukukumbukira zili pansi pake. Pogwira ntchito ndi anzako ali kutali pali MindMeister ndi Miro, koma zimenezo zimafuna intaneti yodalirika.

Chiphaliwali
Ndipo mapulogalamu omwewo ali ndi batani losandutsa mapu kukhala mndandanda wa mitu ndi timitu. Ukadina kamodzi kangaude yense amasanduka notsi wamba zolowa m'kati pang'onopang'ono. Izi zikusonyeza kuti mkati mwake ndi chinthu chimodzi, chasiyana ndi chovala. Ine mndandanda umandikwanira.

Nthiwatiwa
Mafupa ake ndi amodzi, zoona, koma kagwiridwe kake n'kosiyana. Pa mndandanda mfundo yoyamba kubwera m'mutu imakhala pamwamba ndipo imaoneka ngati mfumu, chonsecho inangofulumira. Yobwera mochedwa imasowa malo. Pa mapu pepala lili ndi mpata mbali zonse, mfundo yobwera pa mphindi ya 20 imakhala pomwe ikuyenera. Ngati inu mutu wanu umatulutsa zinthu zili kale pa mzere, mwadala, pitirizani ndi mndandanda. Enafe zimatuluka ngati ngumbi.

Wosatopa
Nanga izi za masiku ano zoti umangoponya chikalata mu AI n'kukupangira mind map m'masekondi ochepa?

MphunzitsiWakale
Zimenezo ndi buku lotsegula lija, koma tsopano ngakhale dzanja lapuma. Kuti muone mwachidule zimene zili m'chikalata chachitali musanachiwerenge, zingathandize. Koma kusankha kuti mfundo iyi ndi kholo, iyi ndi mwana, iyi ndi yotaya, kumeneko ndiye kuphunzira kwake. Mukapatsa makina ntchito imeneyo mwatsala ndi chithunzi.

Bololo
Musamuuze bwana wathu za AI imeneyo chonde, tidzalandira akangaude atatu pa tsiku.

Kanyimbi
Ine pepala silindivuta, chondivuta ndi mabolopeni. Ndikagula Lolemba, pofika Lachitatu apita. Kuofesi kuli anthu obwereka "kamphindi kamodzi" amene sanagulepo bolopeni chibadwire.

Wosatopa
Chotsani chivindikiro muzisunga m'thumba, mupereke bolopeni yokha. Palibe amene amaika bolopeni yopanda chivindikiro m'thumba la malaya oyera, imabwerera yokha.

Kanyimbi
Nzeru zoposa za Aristotle izi.

Cholembera
Ine ndimaluma kumapeto kwake, palibe amabwereka.

MayiWaMapasa
Abale, tachoka pa mtima ndi mapapo tafika pa kuluma mabolopeni. Mwini funso ali kuti? Namzeze, mwayesa?

Namzeze
Ndilipo mayi, ndinangoti ndiyese kaye ndisanayankhe. Loweruka ndinawerenga mutu wa magazi, ndinatseka buku n'kuliika m'chipinda china kuti ndisabere. Kayendedwe kake ndinajambula ndi mabokosi ndi mivi monga ananenera a Kadzidzi, ndipo za m'magazi, maselo ofiira, oyera, timaselo toundanitsa magazi ndi madzi ake, ndinaziika pa mind map poti zimenezo ndi kholo ndi ana. Mphindi 10 zinali zazitali ngati chaka. Nditatsegula buku pepala linafiira lokhalokha, ndipo ndinapeza kuti ndinasinthanitsa mbali, magazi ochokera ku mapapo ndinawalowetsa kumanja. Miyezi iwiri yonseyi sindinkadziwa kuti sindikudziwa zimenezo. Lero ndajambulanso osayang'ana la Loweruka, zofiira zatsala zinayi, ndipo kusinthanitsa kuja sikunabwerenso. Pepala ndi lonyansa moti sindingaonetse munthu.

Koma chimodzi chikundivutabe aphunzitsi. Mitu yatsala 13 ndipo mayeso enieni ali pafupi. Ndibwereze kangati mutu umodzi ndisanapite pa wina?

MphunzitsiWakale
Musadikire kuti mutu umodzi uyere kaye. Mawa yambani wachiwiri, mkuja wachitatu, ndipo tsiku lililonse musanayambe watsopano mujambule umodzi wakale kwa mphindi 10. Wa magazi mubwerere pakatha sabata, kenako pakatha milungu iwiri. Kuiwala kumathamanga kwambiri m'masiku oyambirira kenako n'kumachepa, Hermann Ebbinghaus anazionetsa kale mu 1885, ndiye kubwereza motalikitsa kumapindula kuposa kubwereza kasanu usiku umodzi. Umene ukutuluka ndi zofiira zambiri uzibwera pafupipafupi, woyera uzidikira. Mapu 14 okongola aja musataye, agwiritseni ntchito ngati poonera mayankho m'malo motsegula buku nthawi zonse, bola muyambe mwaona ngati munakopera molondola.

Mlenje77
Ine ndakhwatcha nthambi zisanu usiku wathawu, zina zitatu zalowa mwa zinzake, zatsala 5. Chiganizo chija chatuluka koma chikadali chopunduka. Mayi a mapasa, ndingakutumizireni kumbali muchione?

MayiWaMapasa
Tumizani, koma ndiyankha ana akagona.

Kanyimbi
Namzeze, poti aphunzitsi ati mitundu iwiri yakwana, mabolopeni anayi otsalawo ali ndi mwini? Ndibwereke kamphindi kamodzi.

Namzeze
Bwerani mudzatenge, zivindikiro ndachotsa kale.